Lamba amene ndidakadulitsa kwa telala

Kuseri kwa chitseko cha pabalaza kwathu ku Kawale kuli msomali, ndipo pamsomalipo pamakhala chikwama chachikulu chobereka kumsana, chobiriwira ngati cha asilikali. Mlendo watcheru akachiyang'anitsitsa amafunsa kuti bwanji lamba wake wa m'chiuno ndi wakuda, wosiyana ndi chikwama chonse, komanso wosokedwa ndi ulusi wa nsapato. Akazi anga sayankha. Amangoseka n'kuloza ine, amvekere: "Afunseni eni akewo." Lero ndati ndiyankhe kamodzi n'kamodzi, pagulu, chifukwa nkhaniyi idayambira pamsana panga koma idakathera pamsana pa mwana wathu, ndipo ndikudziwa kuti makolo ambiri muli m'njira yomweyo.

Mudali mu 2018 pomwe mabanja asanu a m'dera lathu tidagwirizana kuti m'malo momangokumana pamaliro ndi pazinkhoswe, tikaoneko dziko lathuli. Tidayamba kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale kuti pofika Julaye tikakwere phiri la Mulanje. Ambiri mwa ife phiri lomwe tidakwerapo ndi la Bunda lokha, lija umakwera m'mawa n'kukadya nsima ya masana kunyumba. Za Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3 002, sitidaziike n'komwe m'mutu. Ife tinkangofuna kukagona masiku awiri pakanyumba ka alendo ka ku Chambe, tijambulitse zithunzi, tibwerere kwathu.

Kutatsala sabata ziwiri ndidalowera kumsika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kukasaka chikwama cha pakaunjika. Mnyamata wina adali nazo zingapo atazikoloweka pamtengo. Ine diso langa lidagwera pa chachikulu kuposa zonse, cholembedwa Karrimor, ndipo pambali padali nambala 75, yomwe pambuyo pake ndidamva kuti ndi malita a katundu amene angalowemo. Tidanenerera mpaka K18 000. Kuchiyesa kwake ndidangochiponya paphewa limodzi chili chopanda kanthu, n'kumva kuti n'chopepuka, basi ndalama ndapereka. Abale, chikwama chopanda kanthu chilichonse chimakoma. Ngakhale thumba la feteleza lopanda kanthu silipweteka munthu.

Pokwera minibasi ya ku Kawale ndi pomwe mavuto adayambira. Malamba a chikwamacho adali ambirimbiri, ena aatali olendewera, ndipo awiri a m'munsi adali okhuthala ngati mapilo. Mmodzi adakodwa pachitseko, kondakitala n'kuyamba kundilankhulira zachipongwe kuti ndilipire mipando iwiri. Ndidafika kunyumba mtima uli m'mwamba. M'mawa mwake ndidapita nacho kwa telala wina wa pakhonde, mkulu wachikulire amene amatisokera mayunifolomu a ana, n'kumuuza kuti achotse malamba okhuthalawo pamodzi ndi kalamba kakang'ono ka pachifuwa.

Mkuluyo adachitembenuzatembenuza, adavula magalasi, n'kundifunsa: "Achimwene, mwatsimikiza? Amene adasoka izi sadali opusa ayi." Ndidamuyankha kuti ine ndi mwamuna, ndidakula ndikusenza matumba a chimanga, sindingamangidwe m'chiuno ngati mwana wa thewera. Adatenga sizasi yake n'kudula. Ndidamulipira ndithu. Taganizani, kulipira munthu kuti akuonongere katundu.

Usiku woti tinyamuka mawa lake tidakangana ndi akazi anga. Iwo ankati tigawane katundu, komanso tikafika tikalembe mmodzi mwa anyamata onyamula katundu aja amawatcha mapota. Ine ndidakana zonse ziwiri. Ndalama ya pota ndidaiona ngati yotaya, ndipo zoti anzanga akaone mkazi wanga atasenza katundu ine ndilipo ndidaziona ngati zochotsa ulemu. Tsono zonse zidalowa m'chikwama changa: ufa makilogalamu 5, mpunga, nyemba, usipa, shuga, mapoto awiri, mabulangeti awiri a ubweya, majuzi, wailesi, nsapato zapadera, ndi chigubu cha madzi cha malita 5. Popeza malo adalipo, ndinkangoonjezera. Ndilo vuto la chikwama chachikulu: chimakupempha kuti uchidzaze. Chigubu chija ndidachiika pamwamba penipeni, mapoto ndidawamangirira kunja. Akazi anga adangoti, "Chabwino bambo, tikaona komweko," n'kutembenukira kukhoma.

Ulendo wa pabasi udayenda bwino. Lilongwe mpaka Blantyre, kenako Limbe, kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mpaka pa Chitakale, n'kukhotera msewu wa ku Likhubula komwe kuli ofesi ya zankhalango. Tidagona kumeneko. M'mawa anzathu adalemba wotsogolera njira ndi mapota atatu. Pota wina, mnyamata woonda wovala nsapato zapulasitiki, adanyamula chikwama changa ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera kwake, adayang'ana pamene padali lamba paja, n'kuyang'ana mnzake. Sadanene kanthu.

Kuchokera pa Likhubula kukafika ku Chambe munthu umakwera pafupifupi mamita 1 000, ndipo njira ya Skyline yomwe tidadzera siipatsa munthu mpata wopuma. Ola loyamba ndidali patsogolo, ndikuimba mluzu. Ola lachiwiri mluzu udatha. Malamba a m'mapewa adayamba kundicheka ngati waya. Chikwama chinkandikokera chagada, ine n'kumawerama kuti ndilimbane nacho, khosi lili tolotolo kutsogolo ngati kamba. Ndikaponda mwala, chigubu chija chinkapendekera mbali ina, mapoto mbali ina, ine pakati. Kenako zala za dzanja lamanzere zidayamba kuchita dzanzi. Ndidayesa kukunga chibakera, dzanja lidakana. Apa ndiye mantha adandigwira, poti ndidaganiza za sitiroko, matenda amene adatenga malume anga.

Ndidakhala pansi pamwala osauza munthu. Azimayi ena ochokera kumtunda adatidutsa atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ali chiimire ngati mizati, natipatsa moni mwaulemu. Ine thukuta lili kamukamu, misozi ili m'maso. Akazi anga adabwera, adandiyang'ana, ndipo ndinkadikira mawu aja akuti "ndimanena ine". Sadawanene. Mpaka lero sadawanenepo, ndipo chimenecho ndimawalemekeza nacho kuposa zambiri. Adangoitana pota uja, amvekere: "Achimwene, tabwerani mudzatithandize nzeru."

Mnyamatayo adandivula chikwamacho n'kundiuza kuti ndizungulize mkono pang'onopang'ono. Patapita mphindi zingapo dzanzi lidayamba kuchoka. Adati: "Bwana, si matenda ayi. Mwapanikiza mitsempha. Chikwama ichi sichinyamulidwa ndi mapewa, chimakhala pachiuno. Amene adadula lambayu adakulakwirani kwambiri." Anzanga onse adali chete, poti nkhani ya kwa telala ndidaikamba ndekha m'basi modzitama. Adakhutula katundu yense pansi. Madzi a m'chigubu adataya n'kusiya lita imodzi, akuti phiri lonseli ndi mitsinje yokhayokha. Mabulangeti adawaika pansi penipeni, ufa ndi mpunga adazigoneka pakati motsamira msana, mapoto adawalowetsa m'kati atawadzaza ndi nyemba ndi shuga, majuzi pamwamba. Wailesi ndi nsapato adaika m'katundu wake titagwirizana mtengo.

Chotsala chidali lamba. Akazi anga adamasula chitenje chomwe adafunda, adachipinda m'litali katatu, adachilowetsa m'timalupu ta m'munsi mwa chikwama, n'kundiuza kuti ndiwerame ngati mayi amene akufuna kubereka mwana. Adachikokera m'chiuno mwanga, pamwamba pa mafupa, n'kumanga mfundo yolimba kutsogolo. Nditaweramuka ndidamva ngati wina wandilandira theka la katundu. Sichidali ngati lamba weniweni, chinkamasuka ndipo tinkaima kawirikawiri kuti amangenso, koma ndidakafika ku Chambe ndi miyendo yanga. Chithunzi cha tsiku limenelo chilipo: bambo wa ndevu zake atamangidwa chitenje cha maluwa ofiira pamimba. Anzanga adachisunga bwino, ndipo chimatuluka nthawi iliyonse ndikayamba kulankhula mokweza pagulu.

Usiku umenewo, tikuotha moto m'kanyumba kaja kunja kukuzizira koopsa, ndidamufunsa mnyamata uja mafunso ambiri, ndipo nditabwerera ku Lilongwe ndidapitiriza kufufuza. Zimene ndidapeza n'zosavuta, mwina n'chifukwa chake anthufe timazinyoza.

Mapewa a munthu sadapangidwe kuti azisenza katundu wolemera nthawi yaitali. Pakati pa khosi ndi phewa pamadutsa mitsempha yopita kumkono, ndipo lamba akaikanikiza kwa maola angapo mkono umachita dzanzi kapena kufooka kumene. Madokotala a asilikali vutoli amalidziwa bwino chifukwa limagwira anyamata awo oyenda mitunda italiitali ndi zikwama zolemera. Nthawi zambiri limatha munthu akapumula, koma dzanzi likakhala masiku, kapena mkono ukamakanika kukwera, pitani kuchipatala, musadikire. Chiuno ndiye nkhani ina. Pamenepo pali mafupa aakulu okhala pamwamba pa miyendo, ndipo katundu akakhazikika pamenepo amatsikira pansi kudzera m'ntchafu, msana osavutika kwambiri. M'kati mwa chikwama chachikulu chabwino, kumbali yotsamira msana, mumakhala tizitsulo tiwiri ta aluminiyamu kapena chipulasitiki cholimba. Ntchito yake ndi kutenga kulemera konse n'kukakutula pa lamba wa m'chiuno. Ine podula lamba uja ndidasiya mlatho wopanda tsidya lina.

Nzeruyi si yakale kwenikweni kwa azungu. Mkulu wina wa ku California, Dick Kelty, adayamba kupanga zikwama za felemu ya aluminiyamu zokhala ndi lamba wa m'chiuno mu 1952, akazi ake a Nena ndiwo ankasoka pamakina kunyumba kwawo. Mu 1967 Greg Lowe adapanga chikwama chomwe felemu yake idabisika m'kati, mtundu womwe wadzaza pakaunjika masiku ano. Koma agogo athu aakazi adadziwa kalekale kuti cholemera chimafuna kukhala pafupi ndi thupi, chomangidwa bwino, chosagwedera. Tayang'anani mayi wobereka mwana: mwanayo amamatirira kumsana, matako ake akhazikika pamwamba pa chiuno cha mayi, miyendo yakumbatira m'nthiti. Mbereko ikalekerera mwana n'kuyamba kulendewera, mayi amaima pomwepo, amawerama, amamukankhira m'mwamba n'kumanganso. Palibe amene adawalembera buku.

China chimene sindinkachidziwa n'chakuti zikwama zikuluzikuluzi zili ndi masaizi ngati nsapato, ndipo saizi yake sayang'ana kutalika kwa munthu yense koma kutalika kwa msana. Anthu awiri ofanana msinkhu akhoza kusiyana msana, wina miyendo yaitali, wina thunthu lalitali. Kuyeza kwake mumafunika awiri, ndiye apa mabanja muli ndi mwayi. Mmodzi aweramitse mutu, mnzake apapase pansi pa khosi kumbuyo mpaka apeze kafupa kotukuka kaja. Kenako woyezedwayo agwire m'chiuno mwake pamwamba pa mafupa, zala zazikulu zitaloza kumsana. Tengani tepi ya telala muyeze kuchokera pakafupa ka pakhosi kutsika mpaka pamzere wa zala zazikuluzo. Kwa akuluakulu ambiri zimagwera pakati pa masentimita 40 ndi 50 kapena kupitirirako pang'ono. Ine ndidapezeka ndi 48, akazi anga 42. Zikwama zambiri zabwino zili ndi pokwezera kapena kutsitsira malamba a m'mapewa kumsanaku, pena pomata, pena pali timakwerero ta nsalu. Changa chidali nazo, ndipo mwini wake woyamba, kaya adali wa dziko liti, adali chimunthu chachitali. Ine ndidakwera phiri ndi chikwama chochunidwa pamsana wa munthu wina.

Pogula tsono, musachite manyazi kuvutitsa wogulitsa. Mupempheni akuikireni zinthu zolemera m'katimo, kaya ndi nsapato za pabenchi lake, kaya majini, zokwana makilogalamu 8 kapena 10. Masulani malamba onse, berekani, ndipo muyambe kumanga wa m'chiuno. Siponji yake ikhale pamafupa a chiuno, osati pamimba ngati lamba wa thalauzi la agogo, komanso osati kumatako. Mukatero kokani a m'mapewa mpaka agwire thupi, koma osati mokanikiza. Azungulire phewa bwinobwino popanda mpata woti dzanja n'kulowa. Pamwamba pa mapewa pali timalamba tina tiwiri tochokera kumutu kwa chikwama: timeneto timakokera katundu kufupi ndi msana kuti asamakukokereni chagada, ndipo tikakhala bwino timapendekera m'mwamba chakumbuyo, osati kugona chopingasa. Kotsiriza ndi kalamba ka pachifuwa, kamene kamaletsa malamba a m'mapewa kuthawira m'khwapa. Kameneka musakokere mpaka kubanika. Zonse zikatheka yendani uku ndi uku, weramani, kwerani pamwala. Ngati mapewa akumva kulemera kuposa chiuno, china chake sichili bwino.

Pakaunjika yang'aninso zomangira zapulasitiki ngati sizidasweke, zipi ngati ikuyenda, ndi siponji ya lamba ngati sidafote. Ipanikizeni ndi chala: ikabwerera ndiye kuti ikadali ndi moyo. Papasani kumsana mumve ngati tizitsulo tija tilimo, chifukwa zina zimafika kuno zitachotsedwa. Zipi ndi zomangira osoka nsapato amasintha mosavuta, koma siponji yakufa ndi felemu yosowa ndiye zovuta. Ndipo musathamangire chachikulu ngati ine. Ulendo wa masiku awiri kapena atatu chikwama cha malita 45 kapena 55 chimakwana. Amayi, dziwani kuti pali zina zosokedwera thupi la mzimayi, msana wake wamfupi, malamba a m'mapewa okhota kuti asapanikize mabere, lamba wa m'chiuno wotambasuka m'munsi. Za kampani ya Deuter zimakhala ndi zilembo SL. Mukachipeza chotere musachisiye chifukwa choti mtundu wake sukugwirizana ndi nsapato.

Nanga kulemera koyenera ndi kotani? Anthu oyenda m'mapiri amalangizana kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Ine nthawi imeneyo ndinkalemera makilogalamu 65, kutanthauza kuti malire anga adali 13. Titabwerera ndidalongedzanso zonse zija mwachidwi n'kukayeza pasikelo ya ogula chimanga: makilogalamu 24. Wogula chimangayo adandifunsa ngati ndikusamuka.

Tsono nkhani idafika pamene sindinkayembekezera. Mu Sepitembala chaka chomwecho sukulu zitatsegulira, m'mawa wina ndidatuluka pambuyo pa mwana wathu wachisamba, mtsikana amene panthawiyo adali ndi zaka 10, ali Sitandade 5. Ndidamuona kumbuyo akukwera kamtunda kopita kumsewu. Mutu uli kutsogolo, msana wawerama, zala wazilowetsa pansi pa malamba kuti asamucheke, chikwama chikumumenya m'matako pa sitepe iliyonse. Ndidaima. Ndidadziona ndekha pa Skyline paja. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndidavutika tsiku limodzi mwa kufuna kwanga, pomwe iye ankayenda chonchi masiku asanu pasabata, kupita ndi kubwera, ndipo chikwamacho ndidamugulira ndine, chachikulu dala, ati kuti akule nacho mpaka Fomu 1.

Madzulo ake tidamuvula juzi n'kuona mizere iwiri yofiira m'mapewa. Mayi ake adati wakhala akudandaula mutu ndi khosi kuyambira teremu yapita, koma tonse tinkati ndi ulesi wofuna kuthawa kutsuka mbale. Ndidachita manyazi kuposa a pa Mulanje aja. Tidapita naye pasikelo yomwe ija. Mwana makilogalamu 30, chikwama 7. Malangizo amene madokotala a ana ambiri amapereka ndi akuti chikwama cha kusukulu chisapitirire magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwa mwana. Kwa iye ndiye kuti makilogalamu 3, kukula kwake 4 ndi theka. Iye ankasenza pafupifupi kota ya thupi lake.

Titakhutula tidapezamo makope a maphunziro onse, ngakhale a masiku ena, makope odzadza kale a Sitandade 4, dikishonale yanga yaikulu, botolo la madzi la malita awiri, mbatata zophika, ndi miyala isanu ya phada. Titamufunsa chifukwa chake adati akasiya makope kunyumba mng'ono wake amawang'amba, komanso amaopa kukwapulidwa akapezeka alibe kope tsiku limene aphunzitsi asintha phunziro mwadzidzidzi. Onani tsono, mwana adali ndi zifukwa zomveka, ife akuluakulu ndi amene tidali tisadamufunsepo. Tidamukhomera kashelefu pamwamba pomwe wamng'onoyo sangafike. Tidalemba ndandanda wa maphunziro n'kumata pachitseko kuti madzulo alionse azisankha za mawa zokha, kuonjezapo kope limodzi la zilizonse lodzitetezera. Botolo tidasintha n'kukhala la theka la lita. Malamba tidawafupikitsa kuti chikwama chikhale pakati pa msana, chisatsike kupitirira chiuno, ndipo tidamuletsa zokolowekera paphewa limodzi, ngakhale ankati anzake onse amatero. Dikishonale idabwerera pakabati. Miyala ya phada tidamusiyira.

Sindikufuna kukuopsezani kuti chikwama chimapinda msana wa mwana mpaka kalekale, chifukwa ofufuza sadapeze umboni wotero, ndipo mwana amene msana wake ukuoneka wokhota afunika kuonedwa ndi dokotala, osati kungomusinthira chikwama. Koma ululu wa tsiku ndi tsiku nawonso ndi nkhani. Mwana wofika m'kalasi khosi likuwawa, atayenda kuchokera ku Chinsapo kapena ku Mgona wapansi, samva bwino masamu a ola loyamba. Ndipo ambiri mwa ana athu, makamaka atsikana, asadanyamule chikwamacho amakhala atapita kale kukiyosiki kukatunga madzi.

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti zimandikhudza. Ndowa ya malita 20 ikadzadza imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Ine ndidalira ndi 24 tsiku limodzi, anthu n'kundimvera chisoni, kunditengera katundu, kundimanga chitenje. Akazi anga, madzi akasiya kutuluka pampopi, amasenza 20 maulendo anayi kapena asanu dzuwa lisadatuluke, ndipo palibe amene amawajambula. Mu 1986 magazini ya sayansi ya Nature idasindikiza kafukufuku wa ku Kenya wosonyeza kuti azimayi achiluo ndi achikikuyu ankatha kusenza pamutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lawo popanda kuonjezera mphamvu zomwe amagwiritsa ntchito poyenda. Anthu ena akamva zimenezi amati ndiye kuti azimayi adalengedwera kusenza. Koma gawo limodzi mwa asanu kwa mayi wa makilogalamu 60 ndi 12 basi, osati 20, ndipo ofufuza ena amene adayeza azimayi a ku South Africa pambuyo pake adapeza kuti ambiri mwayi umenewo alibe, komanso amadandaula kupweteka kwa khosi. Nkhata imateteza liwombo, siichepetsa kulemera. Ine uja ndinkati mkazi wanga asaoneke ndi katundu pamaso pa anzanga paphiri, kunyumba ndinkamudutsa ali ndi ndowa pamutu ine ndikutsuka mano. Ulemu wanga udali wa pagulu pokha. Chaka chimenecho chisadathe ndidagula wilibala ndi zigubu ziwiri, ndipo madzi akavuta amene amaikankha ndine. Anyamata a pamalo ochezera adandiseka sabata imodzi, kenako awiri mwa iwo adayamba kudzabwereka.

Chikwama chija sindidachitaye. Ndidabwerera ku Tsoka n'kupeza china chong'ambika kotheratu koma lamba wake ali bwinobwino, ndidachigula motchipa, ndipo wosoka nsapato wina wa ku Biwi adasamutsira lambayo pa changa, kusoka ndi ulusi wake wokhuthala uja mizere itatu. Si wokongola koma amagwira. Chayenda maulendo ambiri kuchokera pamenepo. Tidakwera nacho phiri la Nkhoma ndi la Dedza, ndipo nthawi yokolola ndikapita kumudzi ndimabwera nacho ndi mtedza ndi nyemba, manja ali omasuka kugwira mwana podutsa m'chipwirikiti cha m'depoti. M'minibasi ndidaphunzira kumanga lamba chakumbuyo mozungulira chikwamacho kuti asakodwe pachitseko, nzeru ya masekondi khumi yomwe ikadandipulumutsa ku zonsezi. Mlamu wanga atafuna kuchibwereka popita ku Joni ndidamukhazika pansi ola lathunthu kumuphunzitsa kamangidwe kake, mpaka adasintha maganizo n'kukagula chake.

Mwezi wathawu mtsikana wathu uja, amene tsopano ndi namwali wotalika kuposa mayi ake, adati akufuna kuchitenga popita ku Nkhoma ndi anzake. Ndidamuuza kuti tiyambe tayeza msana wake kuti titsitse malamba. Tepi yathu idasowa, ndiye tidayenda limodzi kupita pakhonde paja, chikwama chili kumsana kwake. Mkulu uja akadalipo, magalasi ake omwe aja, makina ake omwe aja. Atationa patali adaimitsa phazi pamakina, adachiyang'ana chikwamacho, adandiyang'ana ine, amvekere: "Achimwene, lero mwabwera kudzadulitsa chiyani?"